"Sori" wa pa gombe la Mbamba Bay: mafunso ndi mayankho

Pa gombe la Mbamba Bay m'mamawa, mabwato akamakocheza ndi usipa wa usiku, khutu limamva zinenero zingapo nthawi imodzi. Mtengo amanenerera m'Chiswahili. Asodzi a chakummwera, cha ku Chiwanda mpaka ku Chiwindi kumalire ndi Mozambique, amacheza m'Chinyanja cha m'mphepete mwa nyanja, chachibale ndi chimene amayankhula pa Likoma. Otsika kumapiri ndi matumba a chimanga amabwera ndi Chimatengo chawo, a chakumpoto ndi Chimpoto kapena Chimanda. M'phokoso lonseli muli kaliwu kamodzi ka Chingerezi kamene aliyense amakadziwa, ngakhale amene sanapondeko pa sekondale. Mnyamata akaponda phazi la mnzake amati "sori". Mayi akaterereka ndi beseni pamutu, oyandikana naye amati "sori". Woimba foni akalakwitsa nambala amati "sori" n'kudula. Liwuli ndi "sorry", ndipo ngakhale ndi lalifupi, lasokoneza ambiri, makamaka ana asukulu ndi anthu amene amalandira alendo.

Kodi liwu lakuti "sorry" limatanthauza chiyani kwenikweni?

Muzu wake ndi chilonda. M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali liwu lakuti "sar", kutanthauza ululu kapena bala, ndipo munthu womva ululuwo ankati ndi "sarig". Liwu loyambalo ndi limene lero limalembedwa "sore", limene munthu amanena pakhosi kapena paphazi pakamamuwawa. Lachiwirilo ndiye "sorry" wathuyu. Ambiri amaganiza kuti linaphuka ku "sorrow", chisoni, popeza mawuwa amafanana pakamwa, koma akatswiri a mbiri ya mawu amati awiriwa si a fuko limodzi, anangofanana nkhope chifukwa chokhalira limodzi nthawi yaitali.

Tsono munthu akati "I am sorry", pachiyambi penipeni sakunena kuti walakwa. Akunena kuti mumtima mukumupweteka. Chomupwetekacho chikhoza kukhala chimene iye wachitira mnzake, kapena chimene chagwera mnzakeyo popanda dzanja lake. Njira ziwirizi zikadalipo mpaka lero, ndipo kusamvana konse kumene tikambe pano kumayambira pamphambano imeneyi.

Ndiye kuti ndi chimodzimodzi ndi "pepani" wathu?

Pafupifupi, ndipo m'pake kuti ife a Chinyanja tinalilandira msanga. "Pepani" amasenza akatundu onse awiri. Mwana akaswa mbale amati pepani. Mnansi akapeza mnzake ali gone ndi malungo amatinso pepani, pomwe udzudzuwo sanautume ndiye, ndipo palibe amene amadabwa nazo.

Chiswahili, chimene ndi chinenero cha msika, cha boma ndi cha sukulu ya pulayimale m'boma lonse la Nyasa, chinagawa ntchitoyi pawiri. Wolakwa amati "samahani", liwu lochokera ku Chiarabu lopempha chikhululuko, kapena "nisamehe", kapenanso mwaulemu kwambiri "naomba radhi". Womvera mnzake chisoni amati "pole". Ndipo "pole" ameneyu ali ponseponse. Wopezedwa akulima amauzidwa "pole na kazi". Wotsika basi ya ku Mbinga, atakhotakhota makilomita 66 a m'mapiri, amalandiridwa ndi "pole na safari". Wofedwa amauzidwa "pole na msiba". Yankho lake ndi "asante", ndipo ena amawonjezera kuti "nimeshapoa", kunena kuti ndapola kale. Khutu la Mnyanja silingaphonye pamenepa, chifukwa "kupoa" kwawoko ndi "kupola" kwathu komwe kuja, kwa chilonda ndi kwa phala lomwe. Makolo athu anati pepani sapoletsa chilonda, Mswahili pofuna kulemekeza womupepesa amayankha ngati chapola, ndipo Mngelezi liwu lakelo linabadwira pa chilonda chomwecho.

Choncho munthu wa kunyanja kuno akamayankhula Chingerezi amakhala ndi mawu atatu m'mutu, pepani, samahani ndi pole, koma pakamwa pamatuluka limodzi lokha.

N'chifukwa chiyani mlendo wa ku Ulaya ndikamuuza "sorry" amayankha kuti "It's not your fault"?

Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Tiyerekeze mlendo wapita ku Liuli kukaona mwala wa Pomonda. Pobwera, akutsika m'bwato, wapunthwa n'kugwera m'madzi. Aliyense pagombepo, kuyambira wopalasa mpaka amayi ochapa, akufuula: "Sorry! Sorry!" Iye akudzuka, akufinya malaya, n'kunena kuti "It's okay, it's not your fault," kutanthauza kuti musadandaule, simunalakwe ndinu. Anthu aja akuyang'anana. Wanena ndani kuti talakwa? Ena mumtima akumva ngati mlendoyo wawabwezera chisoni chawo m'manja.

Chachitika ndi ichi. M'Chingerezi cha ku England ndi ku America, "sorry" wopanda chotsatira, wonenedwa pompo pamene kangozi kakang'ono kachitika, amamveka ngati kuvomera kulakwa. Iwo "sorry" wachisoni amamuveka mawu ena, monga "I'm sorry to hear that" kapena "I'm so sorry about your father", ndipo kawirikawiri amamusungira zinthu zolemera: imfa, matenda, kutha kwa ntchito, kupsa kwa nyumba. Munthu akapunthwa kapena akagwetsa katundu, iwo amafunsa kuti "Are you all right?", kodi muli bwinobwino. Mlendo uja atamva gombe lonse likuti "sorry", anaganiza kuti anthu akudziimba mlandu pa kugwa kwake, ndipo anafulumira kuwatula mlanduwo. Umenewo ndiwo unali ulemu wake. Sanali wamwano, ndipo a pagombe sanalakwe. Aliyense anapereka ulemu wa kwawo, ulemuwo n'kuphonyana panjira.

Amene amagwira ntchito ndi alendo, kaya m'nyumba zogona alendo, m'zipatala kapena poyendetsa boti, angathe kulumikiza ziwirizi mosavuta. Nenani "Oh, sorry, are you all right?" Mtima wanu wapepesa monga munaleredwera, ndipo mlendo wamva funso limene amaliyembekezera.

Kodi ndiye kuti chizungu chathu ndi chothyoka?

Ayi, ndipo apa ndikanitsitsa. "Sorry" wachisoni wa pa zinthu zazing'ono amamveka ku Tanzania konse, ku Kenya, ku Uganda, ku Malawi, ku Zambia, mpaka ku Nigeria ndi Ghana, ndipo amene amafufuza Chingerezi cha mu Africa amamutchula ngati chimodzi mwa zizindikiro zake. Amanena choncho aphunzitsi, madokotala, ansembe ndi oweruza milandu. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. M'zinenero zathu muli liwu limene munthu ayenera kunena mnzake akapwetekedwa, ndipo kukhala duu pamenepo ndi nkhanza. Chingerezi chitafika chinalibe liwu lalifupi la ntchito imeneyi, ndiye anthu anatola limene linali pafupi n'kulipatsa ntchitoyo. Mwinanso osadziwa, analibwezera ku tanthauzo lake loyamba lija, lakuti chakupwetekacho chandipweteka nanenso.

Mwana amene waona agogo ake apunthwa n'kungoyang'ana, chifukwa anauzidwa kusukulu kuti "sorry" ndi wa olakwa okha, wataya chachikulu kuposa chimene watola. Chofunika si kusiya, koma kudziwa amene ukuyankhula naye.

Pali malire ake komabe. "Pole na kazi" sawoloka kupita m'Chingerezi. Mukauza mlendo kuti "sorry for work" angokuyang'anani, ndipo "sorry for the journey" amveka ngati ndinu munakumba maenje a mumsewu. Wofika paulendo muuzeni "Welcome, you must be tired" kapena mumufunse "How was your journey?" Wogwira ntchito yolemetsa mungamuuze "That's hard work" kapena "Well done". Palibe mwa mawuwa amene amafika pamene "pole" amafika, ndipo pamenepa Chingerezi ndicho chikuperewera.

Liwuli linafika bwanji kunyanja kuno?

Chingerezi chinabwera ndi amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, amene ankayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima kuchokera ku Likoma. Mmodzi mwa iwo, William Percival Johnson, anamwalira mu 1928 ndipo manda ake ali ku Liuli. Koma iwo ankalalikira ndi kuphunzitsa kwambiri m'Chinyanja. Dera lino linali m'manja mwa Ajeremani mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenaka Angelezi mpaka ufulu wa Tanganyika pa 9 Disembala 1961. Kuyambira mu 1967 sukulu za pulayimale za boma zimaphunzitsa m'Chiswahili, ndipo mwana amakumana ndi Chingerezi cha tsiku lonse akalowa Fomu 1. Kuwonjezera apo pali wailesi, mafilimu, mafoni, ndi amalonda owoloka nyanja kupita ndi kuchokera ku Nkhata Bay, kumene Chingerezi chimasakanizika kwambiri m'macheza. Mawu aafupi ngati "sori" ndiwo amayamba kulowa m'mudzi, malamulo a kagwiritsidwe kake n'kutsalira m'kalasi.

Nanga "sorry" ndi "excuse me" akusiyana pati?

Chosavuta kukumbukira n'chakuti "excuse me" amatsogola, "sorry" amatsatira. Mukufuna kudutsa pakati pa anthu pamsika, mukufuna kufunsa njira kwa munthu wosamudziwa, mukufuna kudzuka anzanu akadali pa chakudya: "excuse me". Mwamugunda kale munthu ndi dengu, mwachedwa kale pa msonkhano: "sorry".

Kwathu ntchito ya "excuse me" amagwira ndi "zikomo". Munthu wodutsa pamaso pa akuluakulu amawerama pang'ono, dzanja kutsogolo, akuti zikomo, zikomo. N'chifukwa chake mwana wa Chinyanja nthawi zina amati "thank you" pofuna kupempha njira, womvayo n'kudabwa kuti akuthokozedwa chiyani. Mswahili pamenepa amati "samahani", ndipo iye amagwera ku "sorry".

Angelezi a ku England eniakewo amasakaniza. Amatha kuyamba funso ndi "sorry", ndipo ambiri amati "sorry" ngakhale iwo ndiwo apondedwa. Palinso ntchito zina ziwiri zofunika kuzidziwa. "Sorry?" wokweza mawu kumapeto ndi funso, lofanana ndi "Pardon?", ndipo akutanthauza kuti mwati bwanji, bwerezani. Ndipo wa m'ofesi akati "Sorry, we are closed" sakupepesa kanthu, akukana mofewa. Musayembekezere kuti popeza wanena "sorry" ndiye kuti atsegula.

Pamayeso ndimasokoneza "sorry for", "sorry about" ndi "sorry to". Ndizisiyanitse bwanji?

"Sorry for" nthawi zambiri amatsatidwa ndi chimene iwe wachita: "I'm sorry for coming late", "I'm sorry for breaking your lamp". "Sorry about" amaloza nkhani kapena vuto, kaya ndi lako kaya si lako: "I'm sorry about your net", ukonde utang'ambika ndi mwera. "Sorry to" amatsatidwa ndi mneni: "I'm sorry to hear that" pomva uthenga woipa, "I'm sorry to disturb you" posokoneza munthu wotanganidwa.

Chenjerani ndi "I feel sorry for you". Pa pepala akuoneka ngati "ndikukumverani chisoni", koma ponenedwa pamaso pa munthu amatha kumveka ngati mukumuyang'anira pansi, ngati mukuti ndiwe womvetsa chisoni. Ponena za munthu amene palibe, monga "I feel sorry for those children", alibe vuto.

Pa maliro ndinene chiyani?

Ngati wofedwayo ndi woyankhula Chingerezi, mawu ake ndi "I'm sorry for your loss" kapena "I'm so sorry", ndipo m'kalata "Please accept my condolences". Apa palibe amene angaganize kuti mukuvomera mlandu, ndipo ayankha kuti "Thank you".

Koma pa maliro a kwathu mawu ndi gawo laling'ono chabe. Wopepesa amafika, amakhala pansi, amanena motsitsa kuti pepani ndi zovutazi, kapena "poleni na msiba", n'kukhala chete. Amabwera ndi nkhuni, ufa kapena kangachepe, chimene ife timati chipepeso ndipo a Chiswahili amati "rambirambi" kapena "ubani". Amagona pa siwa, amaimba nawo usiku, amaperekeza ku manda. Kupepesa kwake ndi miyendo imene yayendayo ndi mphasa imene wakhalapoyo. Chimene chimandipweteka masiku ano ndi kuona munthu wokhala mudzi woyandikana, woti akanatha kuyenda wapansi, akutumiza "sorry" pa WhatsApp n'kuganiza kuti wamaliza. Amene ali ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg uthenga wa pa foni ndi umene angathe, ndipo ofedwa amamvetsa. Wapafupi adzionetse.

Kodi ndingawauze akuluakulu kuti "sori"?

Liwulo palokha si lamwano, koma ndi lopepuka, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka zinenerozi. Ife tili ndi pepa ndi pepani. Ka "ni" kameneko kamagwadira munthu mawu asanathe. Chingerezi chilibe zotere: "sorry" wa mwana wa zaka zitatu ndi yemweyo wa mfumu. Chiswahili nachonso chimati "pole" kwa munthu mmodzi ngakhale wamkulu, "poleni" kwa ambiri, ndipo ulemu chimauika pena, pa "mzee", "mama", "baba", ndi pa moni uja wa "shikamoo" woyankhidwa ndi "marahaba". Mngelezi ulemu wake amauika potalikitsa mawu: "I am very sorry, sir", "I apologise", "Please forgive me". Kufupika kwa mawu kumasonyeza kuchepa kwa nkhani, ndiye amene walakwa kwambiri n'kungoti "sorry" amamveka wopeputsa ngakhale ku London komweko.

Taganizani mkamwini amene mbuzi zake zalowa m'munda wa chinangwa wa apongozi ake, chinangwa chimene banja lonse limadalira pa kondowole. Akafika ataimirira, manja m'thumba, n'kuti "sori", wawonjezera chipongwe pa kuwononga. Woleredwa bwino amapita yekha asanaitanidwe, amakhala pansi, n'kunena kuti: "Pepani bambo, ndalakwa. Mbuzi zija ndi zanga, sindinazimange bwino. Mundiuze chimene ndingachite." Walitchula dzina tchimo lake, wavomera kuti ndi lake, ndipo wasiya chigamulo m'manja mwa wolakwiridwa. Nkhani ikakula amadzera kwa ankhoswe, ndipo nkhuku kapena chindapusa china chimatsagana ndi mawuwo.

Pali kusiyana kwina kwa thupi. Mwana wa kwathu popepesa amazyolika, pomwe Mzungu amayembekezera kuti womupepesa amuyang'ane m'maso, ndipo wozyolika amamuyesa wobisa kanthu. Wophunzira kapena wantchito amene ali pansi pa mlendo azidziwa zimenezi, koma asazitengere kwa agogo ake.

Kodi ndikanena "sorry" ndiye kuti ndavomera mlandu?

Mantha amenewa alipo m'maiko ambiri. Madalaivala ndi madokotala ankaopa kuti akangoti "sorry", liwulo likawatsutsa m'khoti, ndiye ankangokhala chete pamaso pa munthu wovulala. Maiko ena anachita kukhazikitsa malamulo. Ku England ndi Wales lamulo la Compensation Act la 2006 limati kupepesa pakokha sikutanthauza kuti munthu wavomera kuti ananyalanyaza udindo wake. Chigawo cha Ontario ku Canada chinakhazikitsa Apology Act mu 2009 pa cholinga chomwecho. Amenewa ndi malamulo a kumeneko, sagwira ntchito kuno, koma akusonyeza kulemera kwa liwuli.

Pamenepa Chiswahili chimathandiza. Wa bodaboda amene wapeza munthu atagwa pamsewu amati "pole", ndipo palibe angamuloze chala. Akati "samahani" wanena zina. M'Chingerezi, ngati simunalakwe ndinu, yambani ndi "Are you hurt?" n'kumudzutsa munthuyo. Ngati mwalakwa ndinu, pepesani.

Pa wailesi timamva atsogoleri akuti "regret". Kodi n'chimodzimodzi ndi "sorry"?

Si chimodzimodzi, ndipo maboma amadziwa bwino kusiyana kwake. "Regret" ndi kudandaula kuti chinthu chinachitika, kulakalaka chikanapanda kuchitika. Munthu angathe kudandaula ndi mvula imene yakokolola mlatho popanda kunena kuti iye ndiye anaigwetsa. Maloya a boma amalikonda liwuli chifukwa silitsegula khomo la chindapusa.

Pa 6 Juni 2013 William Hague, nduna ya Britain yoona za maiko akunja, anauza nyumba ya malamulo kuti boma lake likudandaula ndi nkhanza zimene Akenya anachitiridwa pa nthawi ya Mau Mau. Boma linavomera kulipira mapaundi 19.9 miliyoni okhudza anthu 5,228, koma liwu limene linagwiritsidwa ntchito linali "regret", ndipo bomalo linakana kuti lili ndi mlandu pamaso pa lamulo. Ku Australia nduna yaikulu John Howard anakana kwa zaka zambiri kupepesa m'dzina la boma kwa eni dziko amene ana awo ankalandidwa, mpaka amene anamulowa m'malo, Kevin Rudd, ananena "sorry" m'nyumba ya malamulo pa 13 Febuluwale 2008. Dzikolo lili ndi tsiku lotchedwa National Sorry Day, pa 26 Meyi chaka chilichonse.

Koma chitsanzo chapafupi chili m'chigawo chomwe chino cha Ruvuma, ku Songea, makilomita oposa 160 kuchokera ku Mbamba Bay. Nkhondo ya Maji Maji, ya 1905 mpaka 1907, inapha anthu ochuluka zedi, ena amati mpaka 300,000, ambiri mwa iwo ndi njala imene inadza Ajeremani atatentha midzi ndi minda. Mu 1906 atsogoleri a Angoni oposa 60 ananyongedwa ku Songea, ndipo pa 27 Febuluwale chaka chilichonse anthu amasonkhana kuwakumbukira. Mmodzi wa iwo anali Nduna Songea Mbano, amene anadulidwa mutu, ndipo mbumba yake yakhala ikupempha kuti chigaza chake chibwezedwe kuchokera ku Germany. Pa 1 Novembala 2023 Pulezidenti wa Germany, Frank-Walter Steinmeier, anafika pa nyumba yosungira mbiri ya Maji Maji, anakumana ndi zidzukulu za Songea Mbano, ananena kuti akuchita manyazi ndi zimene asilikali a dziko lake anachita, ndipo anapempha chikhululuko. Dzulo lake lenilenilo, pa 31 Okutobala, Mfumu Charles III ya Britain inali ku Nairobi, kumene inayankhula za chisoni ndi "regret", ndipo Akenya ambiri anati kumeneko sikunali kupepesa.

Masiku awiri otsatizanawa akuonetsa makwerero atatu. Wonena "regret" akukamba za chinthu chimene chinachitika. Wonena "sorry" akukamba za mtima wake. Wopempha chikhululuko, amene akuti mutikhululukire, "tusamehe", "forgive us", wapereka mphamvu kwa wolakwiridwa ndipo ayenera kudikira yankho, limene lingathe kukhala ayi. Mwa atatuwa wachitatuyu ndiye ali pafupi ndi mkamwini uja wokhala pansi. Komabe chigaza sichinabwere tsiku limenelo. Steinmeier analonjeza kuti dziko lake liyesetsa kuchifunafuna, ndipo banja limene lili ndi manda a kholo lopanda mutu lili ndi ufulu wonena kuti pepani sanapoletse chilonda.

Nanga uja amati "I'm sorry if you were offended"?

Ameneyo ndi pepani wa theka. Ka "if" kameneko ndi "ngati", ndipo kamasuntha nkhani kuchoka pa chimene wolakwa anachita kupita pa mmene wolakwiridwa wamvera, ngati kuti vuto ndi mtima wake wosachedwa kupsa. A tsidya lina la nyanja amakumbukira chitsanzo chake. Khoti litamupeza pulezidenti wakale wa Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda, wosalakwa mu Disembala 1995 pa mlandu wa imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Mwanza mu 1983, mu Januwale 1996 panatuluka uthenga wake wopepesa mtundu wa Amalawi. Uthengawo unakhazikika pa "ngati": ngati alipo amene anazunzika chifukwa cha ogwira ntchito m'boma lake, kapena ochita zinthu m'dzina lake, kapena iye mwini mosadziwa. Ena anaulandira. Koma amene abale awo anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu sankakayika ngati anazunzika kapena ayi. Pamene mukudziwa kuti munthu wapwetekedwa, chotsani "if" n'kuikapo "that": "I'm sorry that I hurt you."

Munthu akandiuza "sorry", ndiyankhe bwanji?

Pa kanthu kakang'ono, "It's all right", "No problem" kapena "Don't worry", amene ndi palibe kanthu wathu uja. Ngati akukumverani chisoni pa matenda kapena maliro, yankho ndi "Thank you". Musayankhe "You're welcome", amene ndi yankho la "thank you". Ambiri amagwera pamenepa chifukwa cha "karibu" wa Chiswahili amene amalowa paliponse. Ngati cholakwacho ndi chachikulu, palibe chokukakamizani kunena kuti palibe kanthu pomwe kanthu kalipo. Mungathe kunena "Thank you for apologising", kuthokoza kuti wabwera, n'kusunga "I forgive you" mpaka tsiku limene mtima udzavomere, monga momwe kwathu "ndamva" amasiyanirana ndi "ndakhululuka".

Aphunzitsi a Chingerezi atani ndi mwana amene amanena "sorry" paliponse?

Pempho langa kwa aphunzitsi a Fomu 1 a ku Mbamba Bay, Liuli, Lituhi ndi m'sukulu zonse za m'mbali mwa nyanja ndi lakuti musamuseke, ndipo musalole kalasi kumuseka. Mwana amene mwagwetsa choko iye n'kunena "sorry, teacher" wabwera ndi mwambo wa kwawo, ndipo akaona kuti chizungu chikumuchititsa manyazi pa mwambowo, adzasiya chimodzi mwa ziwirizi. Lembani pa bolodi pepani, samahani ndi pole, ana anene okha nthawi imene amagwiritsa ntchito lililonse, kenaka muwaonetse mawu a Chingerezi a nthawi iliyonseyo. Ndipo inu makolo, mwana akakulakwirani n'kuponya "sori" akudutsa, muitaneni akhale pansi anene chimene walakwa, m'chinenero chimene munamuyamwitsa nacho.